Mudzi wa Mathiramu

Pakati pa dziko la England pali chigawo chamapiri chotchedwa Derbyshire. M'chigawochi muli mudzi waung'ono dzina lake Crich, umene uli makilomita pafupifupi 20 kumpoto kwa mzinda wa Derby. Mudziwu udamangidwa pachitunda pamene pamaomba mphepo yozizira. Kale unkadziŵika chifukwa cha miyala ya njereza ndi mtovu zimene anthu ankakumba m'mapiri ake. Masiku ano alendo ochuluka amakwera chitundacho chaka ndi chaka kukaona mathiramu akale oposa 60 amene akusungidwa kumeneko. Dzina la malowo ndi National Tramway Museum, koma amadziŵikanso kuti Crich Tramway Village, ndiye kuti mudzi wa mathiramu.

M'nyumba zambiri zosungiramo zinthu zakale, zinthuzo zimatsekeredwa m'makabati a galasi ndipo mlendo amangodyetsa maso, osazikhudza. Ku Crich sizili choncho. Mathiramu ena a kumeneko adapangidwa zaka zoposa 100 zapitazo, komabe amayenda mpaka lero atanyamula anthu monga ankachitira kale.

Thiramu n'chiyani?

Thiramu ndi galimoto yonyamula anthu imene imayenda panjanji zoyalidwa m'misewu ya mumzinda. Imafanana ndi sitima yapamtunda chifukwa magudumu ake ngachitsulo ndipo amatsata njanji. Imafanananso ndi basi popeza imaima kaŵirikaŵiri kuti ena atsike, ena akwere. Mathiramu ambiri a ku Britain adali osanja: anthu ena ankakhala pansi, ena ankakwera makwerero n'kukakhala pamwamba.

Njanji za thiramu zimakwiriridwa mumsewu mwakuti msana wake umalingana ndi msewuwo. Motero ngolo, njinga ndi anthu apansi amadutsa popanda kupunthwa. M'njanjimo muli kangalande m'mene mumayenda mlomo wa gudumu, ndipo ndi kangalande kameneka kamene kamaongolera thiramu pokhota.

Nzeru yoyala njanji idabwera chifukwa misewu yakale idali ya miyala, maenje ndi matope. Gudumu lachitsulo limayenda mosalala panjanji yachitsulo. Chotero kavalo amene ankalefuka ndi ngolo ya anthu oŵerengeka pamsewu, ankatha kukoka anthu ambiri ngoloyo ikakhala panjanji.

Akavalo, nthunzi ndi magetsi

Mathiramu okokedwa ndi akavalo adayamba kuyenda mumzinda wa New York, ku America, m'chaka cha 1832. Ku Britain adafika m'chaka cha 1860, pamene munthu wina wa ku America, George Francis Train, adayala njanji m'tauni ya Birkenhead. Anthu adawakonda, koma kusamala akavalo kudali kodula. Kavalo sankagwira ntchito tsiku lonse, kotero kuti thiramu imodzi inkafuna akavalo pafupifupi 10 osinthanasinthana. Onseŵa ankafuna chakudya, khola ndi mankhwala, ndipo ndowe zawo zinkaipitsa misewu.

Mizinda ina idayesa injini za nthunzi zoyendera malasha. Injinizi zidali zamphamvu, koma utsi ndi phokoso lake zinkasautsa anthu ndiponso zinkadzidzimutsa akavalo a pamsewu. Pachifukwa ichi ankaziveka malata mpaka kumagudumu kuti zitsulo zake zoyendayenda zisaoneke.

Yankho lenileni lidali magetsi. M'chaka cha 1881 Werner von Siemens adayendetsa thiramu yamagetsi pafupi ndi mzinda wa Berlin, ku Germany. M'chaka cha 1885 tauni ya Blackpool, imene ili m'mphepete mwa nyanja ku England, idayamba kuyendetsa yake. Pasanathe zaka 30, pafupifupi mzinda uliwonse waukulu wa ku Britain udali ndi mathiramu amagetsi.

Mathiramuŵa adasintha moyo wa anthu wamba. Kale wantchito ankayenera kukhala pafupi ndi fakitale, m'tinyumba tothithikana ndi todzaza utsi, chifukwa ulendo wake wonse udali wapansi. Mtengo wa thiramu udali wotsika, ndipo m'mamaŵa antchito ankalipira mtengo wotsikirapo. Motero mabanja adayamba kukhala kunja kwa mzinda kumene kudali mpweya wabwino. Pankhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918, amuna ambiri atapita kunkhondo, amayi adaloŵa ntchito ya ukondakitala ndipo ena adaphunzira kuyendetsa. Mzinda wa Glasgow udayamba kulemba amayi ntchitoyi m'chaka cha 1915.

Kutha kwa mathiramu

Patapita zaka, mabasi ndi magalimoto adachuluka. Basi sifuna njanji kapena mawaya, ndipo imatha kuloŵa msewu uliwonse. Eni magalimoto ankadandaula kuti thiramu imatseka njira chifukwa imayenda pakati pa msewu ndipo singapatuke. Nkhondo ya 1939 mpaka 1945 itatha, njanji zambiri zidali zoperepeseka ndipo kuzikonza kunkafuna ndalama zochuluka. Akuluakulu a mizinda adaona kuti kugula mabasi n'kwapafupi.

Mzinda ndi mzinda udayamba kutsazikana ndi mathiramu ake. Ku London thiramu yomaliza idayenda m'chaka cha 1952, ku Liverpool mu 1957, ku Leeds mu 1959, ku Sheffield mu 1960 ndipo ku Glasgow mu 1962. Patsiku lotsiriza anthu ankadzaza m'mbali mwa misewu ngati pamaliro. Ena ankaika makobiri panjanji kuti thiramu iwaponde, n'kuwasunga ngati chikumbutso. Blackpool yokha ndiyo idakana kuzula njanji zake zonse.

Mathiramu opuma pantchito sadaone ulemu. Ambiri adatenthedwa kuti anthu atolepo zitsulo zogulitsa. Ena adagulidwa ndi alimi amene adawachotsa magudumu n'kuwasandutsa makola a nkhuku kapena mosungiramo makasu. Zikadapitirira choncho, bwenzi ana a masiku ano akuiona thiramu yakale pachithunzi pokha.

Thiramu ya mapaundi 10

M'mwezi wa Ogasiti 1948 kagulu ka anthu okonda mathiramu kadapita ku Southampton kukakwera mathiramu a mumzindawo asanathe. Ali paulendowo adagwirizana kuti apulumutseko imodzi. Adasonkha ndalama nagula thiramu nambala 45 pamtengo wa mapaundi 10. Thiramuyi idapangidwa m'chaka cha 1903. Njopanda denga pamwamba ndipo njaifupi msinkhu, popeza inkadutsa pansi pa chipata chakale chamiyala cha mumzindawo chotchedwa Bargate.

Kugula kudali kosavuta, koma kusunga ndiye kudali mutu waukulu. Thiramu si njinga yoti munthu n'kuikoleka kudenga. Kwa zaka zambiri nambala 45 idakhala ikusungidwa m'malo obwereka, ena mwa iwo ku Blackpool. M'chaka cha 1955 anthu aja adakhazikitsa bungwe lotchedwa Tramway Museum Society, ndipo adayamba kufunafuna malo akeake.

Malowo adapezeka mwa njira yosayembekezeka. Ku Crich kudali mgodi wa miyala ya njereza. M'zaka za m'ma 1840 George Stephenson, katswiri wotchuka womanga njanji, adayala kanjanji kotsitsira miyalayo ku ng'anjo za ku Ambergate. Kanjanjiko katasiya kugwira ntchito, anthu ena osunga njanji yakale ya Talyllyn, ku Wales, adabwera kudzazula zitsulo zake. Iwoŵa ndiwo adatsina khutu anzawo a mathiramu kuti ku Crich kuli malo. M'chaka cha 1959 bungwe lija lidachita lendi mbali ina ya mgodiwo, ndipo pambuyo pake lidagula malowo.

Pamalopo padalibe chokopa maso: miyala, matope, tchire ndi nyumba zakale zoŵerengeka. Mamembala a bungwelo ankabwera paokha akaŵeruka kuntchito zawo, osayembekeza malipiro. Adalambula malo, adayala njanji, adaimika mizati ya mawaya namanga mashedi osungiramo mathiramu. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Wina ankadziŵa ukalipentala, wina zamagetsi, wina kusula zitsulo, ndipo wopanda luso ankanyamula miyala. M'chaka cha 1963 alendo oyamba adakwera thiramu yokokedwa ndi kavalo, nambala 15 ya ku Sheffield, yopangidwa mu 1874. Chaka chotsatira, 1964, mathiramu amagetsi adayamba kuyenda.

Mumsewu wa makedzana

Mlendo akafika pachipata n'kulipira, amapatsidwa kobiri lakale, lalikulu ndi lofiirira. Ndalama imeneyi idasiya kugwira ntchito ku Britain m'chaka cha 1971, chaka chomwecho chimene dziko la Malaŵi lidasiya mapaundi, mashileni ndi makobiri n'kuyamba kwacha ndi tambala. Kobirilo siligula kanthu m'sitolo, koma ku Crich ndilo lolipirira thiramu.

Akangoloŵa, mlendo amaona ngati wabwerera m'mbuyo zaka 100. Msewu ngwoyalidwa ndi timiyala tosema. M'mbali mwake muli nyale zakale, mabokosi oponyamo makalata, sitolo ya maswiti ndi nyumba yosindikiziramo mapepala ndi makina akale. Pamwamba pali mawaya otambalala ngati ukonde wa kangaude.

Chodabwitsa n'chakuti nyumba zina za mumsewuwu zidasamutsidwa kuchokera kumizinda ina. Nyumba yodyera ndi kumwera yotchedwa Red Lion idali ku Stoke-on-Trent. Itati igwetsedwe, zidutswa zake zidasungidwa, ndipo idamangidwanso ku Crich. Khoma lakumaso la holo yakale ya mumzinda wa Derby, yotchedwa Assembly Rooms, nalonso lidaphwasulidwa mwala umodziumodzi n'kudzaimikidwanso pano. Palinso mlatho wachitsulo wopangidwa m'chaka cha 1844, umene mathiramu amadutsa pansi pake. Choncho mudziwu ukusunga msewu wonse umene thiramu inkayendamo, osati thiramu yokha.

Ulendo wa pathiramu

Ulendo umayambira pamalo otchedwa Town End. Ana asukulu akabwera ndi aphunzitsi awo amathamangira mipando yapamwamba, makamaka ngati thiramuyo ilibe denga. Kondakitala, atavala yunifolomu ndi chipewa, amaonetsetsa kuti onse akhala pansi, kenaka amaliza belu kaŵiri. Kuliza kaŵiri ndiko kuuza woyendetsa kuti anyamuke, pamene kuliza kamodzi ndiko kumuuza kuti aime. Atatero amayenda mpando ndi mpando kutolera makobiri aja. Aliyense amalandira tikiti imene kondakitala amaiboola ndi kachida kokhala ndi kabelu m'kati mwake.

Woyendetsa mathiramu akale amagwira ntchito ali chiimire kutsogolo. Alibe chiongolero, popeza njanji ndizo zimasankha njira. Dzanja lake lamanzere limakhala pachogwirira chimene chimachulukitsa kapena kuchepetsa magetsi opita kuinjini. Dzanja lamanja limakhala pabuleki. Pansi pali belu lopondedwa ndi phazi, limene limalira kuti ngwe! ngwe! pochenjeza anthu apansi.

Nanga mphamvu imachokera kuti? Padenga la thiramu pali mtengo wautali wachitsulo umene nsonga yake imakhudza waya wa pamwamba pa msewu. Magetsi amatsika ndi mtengowo, amadzera pachogwirira cha woyendetsa, n'kufika kuinjini zimene zili kunsi, pafupi ndi magudumu. Injinizo zikazungulira, magudumu nawonso amazungulira. Magetsi akagwira ntchito yake amatulukira m'magudumu n'kubwerera kudzera m'njanji. Waya wa pamwambawo umanyamula magetsi amphamvu kuposa a m'nyumba, n'chifukwa chake okwera pamwamba amachenjezedwa kuti asaimirire kapena kutukula ndodo ndi maambulera.

Pali zida zina ziŵiri zimene ana amachita nazo chidwi. Choyamba ndi bokosi la mchenga. Mvula ikagwa kapena masamba akayoyokera panjanji, magudumu amaterereka. Woyendetsa amaponda kachitsulo ndipo mchenga umathirika panjanji kuti magudumu agwire. Chachiŵiri ndi chithandala cha matabwa chimene chili kunsi, kutsogolo kwa magudumu. Munthu akagwa patsogolo pa thiramu, chithandalacho chimagwera panjanji n'kumuwola kuti magudumu asamponde.

Njanji ya ku Crich njotalika pafupifupi kilomita imodzi ndi theka. Ikadutsa pansi pa mlatho uja imatuluka m'mudzi n'kuloŵa m'nkhalango. M'malo ena njanji ndi imodzi yokha, yopita ndi yobwerera yomweyo. Pofuna kupeŵa ngozi, woyendetsa saloŵa m'chigawo chotero asanatenge kandodo kapadera ka chigawocho. Popeza kandodoko n'kamodzi, mathiramu aŵiri sangakumanemo maso ndi maso. Amapatukirana pamalo otchedwa Wakebridge, pamene palinso zida zoonetsa m'mene anthu ankakumbira mtovu.

Kumapeto kwa njanji, ku Glory Mine, dziko limaoneka patali: chigwa cha mtsinje wa Derwent, minda yobiriŵira ndi mipanda ya miyala. Pamwamba pa phiri pali nsanja yotchedwa Crich Stand, yokumbukira asilikali amene adafera kunkhondo. Apa thiramu sitembenuka, chifukwa ili ndi poyendetsera mbali zonse ziŵiri. Kondakitala amatsitsa mtengo wa padenga uja ndi chingwe kapena nsungwi yaitali, n'kuuzungulitsa kuti uloze kumbuyo. Woyendetsa amazula zogwirira zake n'kupita nazo kumbali inayo. Okwera nawonso amangokankha chotsamira cha mpando, ndipo mpandowo umayang'ana kumene thiramu ikupita.

Chipatala cha mathiramu

Thiramu ya zaka 100 siyenda mwamwayi. Pafupi ndi mashedi pali nyumba yokonzeramo mathiramu, ndipo alendo amaonera ntchitoyo ali pakhonde lam'mwamba. Pansi pa njanji za m'nyumbayi pali maenje aatali m'mene amisiri amatsikiramo kuti aone kunsi kwa thiramu. Amayesa mabuleki, amathira mafuta, amapima magudumu. Thiramu imene yapezeka ndi chilema siloledwa kunyamula anthu mpaka itachira.

Ntchito yaikulu ndiyo kuukitsa thiramu imene idafika ili chiphwasuphwasu. Ina imabwera itakhala m'munda zaka zambirimbiri, matabwa atafumbwa, zitsulo zitachita dzimbiri. Mafakitale amene ankapanga zida zake adatsekedwa kalekale, choncho chida chosoŵa amisiri amachipanga okha. Amafufuza m'zithunzi ndi m'mapulani akale amene akusungidwa m'laibulale ya pamalopo. Nthaŵi zina amapala utoto pang'onopang'ono kuti apeze mtundu umene udali pansi penipeni. Potsiriza mmisiri wa zolembalemba amajambula ndi dzanja nambala, mizere yagolide ndi chizindikiro cha mzinda. Ntchito yotere imatha zaka ndiponso ndalama zambiri, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku limene thiramuyo ituluka ili waliwali, onse amaiŵala kutopa.

Ngakhale pamalopo pali antchito olipidwa, oyendetsa ndi makondakitala ndi anthu ongodzipereka. Amayamba aphunzitsidwa ndi kuyesedwa mayeso asanapatsidwe thiramu. Achikulire amaphunzitsa achinyamata, kuti luso lisapite kumanda pamodzi ndi eni ake.

Alendo ochokera kutali

Si mathiramu onse a ku Crich amene adagwira ntchito ku Britain. Ena adachokera ku Porto m'dziko la Portugal, ku Prague, ku The Hague ndi ku New York. Ina ya ku Berlin idakonzedwa mwapadera kuti anthu oyenda panjinga za olumala azitha kukweramo. Palinso injini ya nthunzi yotchedwa John Bull, imene idapangidwa ku Manchester mu 1885, idatumizidwa ku Sydney m'dziko la Australia, kenaka idabwerera kwawo.

Ina mwa mathiramuŵa idachokera ku Africa kuno. Imeneyi ndi nambala 60 ya ku Johannesburg. Idapangidwa ku Preston, ku England, m'chaka cha 1905, ndipo idaoloka nyanja pasitima yapamadzi. Mathiramu amagetsi adayenda mumzinda wa Johannesburg kuyambira mu 1906 mpaka mu 1961. Zimenezi ndi zaka zimene amuna ambiri a ku Nyasaland ankapita ku Joni kukagwira ntchito m'migodi ndi m'nyumba za azungu. Masiku amenewo kudali tsankho, ndipo anthu akuda ankapatsidwa mathiramu awoawo. Lero ku Crich munthu wa mtundu uliwonse amakhala pampando umene wafuna.

Kubwerera kwa mathiramu

Mizinda imene idazula njanji idasangalala kwa kanthaŵi. Koma walira mvula walira matope. Magalimoto adachuluka mpaka misewu idadzaza thothotho, ulendo waufupi n'kumatenga nthaŵi yaitali, ndipo utsi udaipitsa mpweya. Anthu adayamba kukumbukira ubwino wa thiramu: imanyamula anthu ambiri nthaŵi imodzi ndipo situlutsa utsi mumsewu.

Chotero mizinda ina idayalanso njanji ndi ndalama zochuluka. Mathiramu atsopano adayamba kuyenda ku Manchester mu 1992, ku Sheffield mu 1994, ku Croydon kum'mwera kwa London mu 2000, ku Nottingham mu 2004 ndi ku Edinburgh mu 2014. Ku Africa nako, mzinda wa Rabat m'dziko la Morocco udatsegula njanji yake mu 2011 ndipo wa Casablanca mu 2012. Mathiramu amakonoŵa ngaatali, ngachete ndipo ambiri ali ndi makomo apansi osavuta kukwera. Komabe magetsi ake amatsika kuchokera kuwaya wa pamwamba n'kubwerera m'njanji, monga momwe zimachitikira pa nambala 45 ya ku Southampton.

Anthu amene adasonkha mapaundi 10 aja ankaoneka ngati otaya ndalama pa chinthu chotha ntchito. Iwo adazindikira kuti chinthu chikatenthedwa sichibweranso, ndiponso kuti mwana amamvetsa bwino mbiri ya makolo ake akaiona ndi maso ndi kuikhudza ndi manja. Chifukwa cha khama lawo, mdzukulu wa kondakitala wa ku Glasgow kapena wa ku Sheffield angathe kukhala pampando umene agogo ake ankatolerapo makobiri, n'kumva belu lomwe lija likulira.

Matanthauzo a mawu

njereza: ufa woyera wochokera ku miyala yootchedwa, wopaka nyumba ndi kumangira

mtovu: chitsulo chofeŵa koma cholemera kwambiri

kobiri: ndalama yachitsulo yakale, makobiri 12 ankapanga shileni imodzi, ndipo mashileni 20 ankapanga paundi imodzi

kuperepeseka: kutha pang'onopang'ono chifukwa chokhulana ndi chinthu china

kutsina khutu: kuuza munthu nkhani yomuthandiza kapena yomuchenjeza

ng'anjo: malo ootcheramo miyala, njerwa kapena zitsulo ndi moto waukulu

chiphwasuphwasu: chinthu choonongeka, chimene zidutswa zake zamwazikana

Mafunso

Yankhani mafunso aŵa m'ziganizo zomveka bwino.

1. Kodi mudzi wa Crich uli m'dziko liti, ndipo kale unkadziŵika ndi chiyani?
2. Tchulani njira imodzi imene thiramu imafanana ndi sitima yapamtunda, ndi ina imene imafanana ndi basi.
3. Chifukwa chiyani kuyendetsa mathiramu a akavalo kudali kodula?
4. Kodi mathiramu adasintha bwanji moyo wa antchito a m'mafakitale?
5. Perekani zifukwa ziŵiri zimene mizinda ya ku Britain idasiyira mathiramu.
6. Fotokozani zimene zidachitika ku Southampton m'chaka cha 1948.
7. Longosolani njira imene magetsi amadzera kuchokera kuwaya mpaka kunjanji.
8. Kodi mchenga ndi kandodo zili ndi ntchito yanji paulendo wa thiramu?
9. Chifukwa chiyani thiramu sitembenuka ikafika kumapeto kwa njanji?
10. Inu mukuganiza kuti anthu amene adagula thiramu nambala 45 adachita bwino? Perekani zifukwa.

Ntchito

A. Fotokozani tanthauzo la miyambi iyi monga yagwiritsidwira ntchito m'nkhaniyi.

1. Mutu umodzi susenza denga.
2. Kuona maso a nkhono n'kudekha.
3. Walira mvula walira matope.

B. Chulukitsani maina aŵa: gudumu, kavalo, msewu, kobiri, mlendo, chipata, mmisiri, denga.

C. Lembani mawu otsutsana ndi aŵa: kukwera, kutsogolo, chakale, kumanga, kuchuluka, kukumbukira.

D. Tsekani mzere kunsi kwa aneni m'ziganizo izi.

1. Kondakitala amaliza belu kaŵiri.
2. Alimi adagula mathiramu akale.
3. Amisiri akupala utoto.
4. Ana adzakwera pamwamba.

E. Ngati makobiri 12 ankapanga shileni imodzi ndipo mashileni 20 ankapanga paundi imodzi, kodi thiramu nambala 45 idagulidwa ndi makobiri angati?

F. Funsani agogo kapena munthu wina wachikulire wa kwanuko za mayendedwe a masiku awo. Pambuyo pake lembani chimangirizo cha ndime zitatu pamutu wakuti: "Chinthu chakale cha kwathu chimene ndikufuna kuti chisungidwe."